Edward Johnston, mphunzitsi amene adasonkhanitsa amisiri a zilembo

Munthu akatsika basi pa boma la Mzimba n'kuyenda wapansi kulowera kumsika, amakhala atawerenga zambiri asadagule n'komwe nyuzipepala. Makoma a magolosale, zitseko za malo ometera, zigayo, mabutchala ndi nyumba zogona alendo, zonsezi zili ndi mawu ake. N'chimodzimodzinso pa Jenda, m'mbali mwa msewu wa M1, ngakhalenso pa Embangweni. Ena mwa mawuwo adatuluka m'makina, adasindikizidwa pansalu yapulasitiki yomwe imawala miyezi yoyamba kenaka n'kufwifwa dzuwa la mu October likaiwamba. Ena adalembedwa ndi dzanja la munthu amene adakwera pamakwerero atanyamula kachitini ka penti, burashi, choko ndi chingwe chowongolera mzere.

Ntchito yamanjayi siivuta kuizindikira. Pena chilembo cha S chimapendekeka ngati chikumva msana. Pena mawu amayamba ndi zilembo zonenepa n'kuthera ndi zowonda chifukwa khoma lidatha mawu asadathe. Komatu penanso umapeza dzina la sitolo litalembedwa mwaukatswiri moti umayamba waima, ngakhale ulibe choti ugule. Ndipo kuno kumene anthu amadzuka n'kugona ndi Chitumbuka, wolemba zikwangwani amakumananso ndi ŵ, chilembo chovala kachipewa chimene ambiri amachisaka osachipeza pakompyuta, pamene burashi siivutika nacho konse.

Amisiri amenewa kawirikawiri amagwira ntchito aliyense payekha. Luso amalitola kwa mbale, kwa mnzawo wamkulu kapena mongoonera, ndipo wina akamwalira kapena akalowera ku Joni, zimene ankadziwa zimapita naye limodzi. Vutoli si la lero, komanso si la ku Malawi kokha. Zaka zoposa 120 zapitazo, luso lolemba zilembo zokongola ndi manja lidatsala pang'ono kuzimiririka ku Mangalande. Amene adalitsitsimutsa adali munthu wodwaladwala, wochedwa pa chilichonse, amene maphunziro a udotolo adawasiyira panjira. Dzina lake adali Edward Johnston.

Johnston adabadwa pa 11 February 1872 m'dera la San José m'dziko la Uruguay, ku South America. Bambo ake, Fowell Buxton Johnston, adali atasiya usilikali ku Britain n'kupita kumeneko kukayesa mwayi. Dzina lakuti Buxton likuyenera kuimitsa kaye Mmalawi aliyense wokonda mbiri. Agogo aakazi a Edward, Priscilla Buxton, adali mwana wa Sir Thomas Fowell Buxton, phungu amene adatsogolera ntchito yothetsa ukapolo m'nyumba ya malamulo ya Britain mpaka lamulo la 1833 lidavomerezedwa. Priscilla adali mlembi komanso mthandizi wamkulu wa bambo akewo, ndipo ukwati wake ndi Andrew Johnston udachitika pa 1 August 1834, tsiku lenileni limene lamulolo lidayamba kugwira ntchito. Mu 1840, mnyamata wina wophunzira udotolo, David Livingstone, adali m'khamu lomwe lidadzaza Exeter Hall ku London kudzamva mfundo za Buxton zakuti malonda achilungamo ndi Chikhristu ndizo zingagonjetse malonda a akapolo mu Africa. Kumene maganizo amenewo adafika tikukudziwa: mishoni ya Livingstonia, yomwe idafika kunyanja yathu mu 1875, ndi nthambi yake ya Loudon ku Embangweni, yomwe Donald Fraser adakhazikitsa mu 1902. Chaka chomwecho cha 1875 n'chimene banja la Johnston lidabwerera ku Mangalande, Edward ali ndi zaka zitatu.

Ubale wa banja lake ndi mbiri yathu ukuthera pamenepo, ndipo palibe chifukwa choukokera kumene sufika. Chimene chikumubweretsa patsamba lino ndi ntchito ya manja ake.

Ubwana wake sudali wosangalatsa kwenikweni. Mayi ake ankadwaladwala, moti azakhali ake ndiwo adasenza udindo waukulu womulera. Sukulu sadapiteko monga ana ena, adaphunzirira pakhomo. Mwana wokhala m'nyumba tsiku lonse amadzipezera yekha zochita, ndipo Edward adakonda masamu, kusewera ndi zamagetsi komanso kukopera mawu pachikopa n'kuwakongoletsa ndi utoto, monga ankachitira alembi akale. Mayi ake atamwalira mu 1891, adagwirako ntchito kwa mmodzi wa abale a banjalo, kenaka adapita ku yunivesite ya Edinburgh kukaphunzira udotolo. Thanzi lidamukaniza. Pofika 1898 adali atasiya, ali ndi zaka 26, wopanda digiri, wopanda ntchito, ali ndi timapepala take tokongoletsato basi.

Chaka chomwecho adafika ku London ndipo adakumana ndi W. R. Lethaby, katswiri wa mapulani a nyumba amene ankatsogolera sukulu yatsopano ya zaluso, Central School of Arts and Crafts. Lethaby adaona china chake m'ntchito ya mnyamatayo. Adamuuza kuti azame m'zolemba zakale, ndipo adamulonjeza kuti sukuluyo ikadzatsegula kalasi ya kalembedwe, mphunzitsi adzakhala iyeyo. Kunena zoona, limeneli lidali lonjezo lodabwitsa kwa munthu amene sadaphunzitsepo aliyense. Amene adamutsegula maso kwenikweni adali Sydney Cockerell, yemwe kale adali mlembi wa William Morris, mmisiri wotchuka amene ankalimbikitsa ntchito zamanja m'nyengo ya mafakitale. Cockerell adapita naye ku British Museum n'kumamuonetsa, buku ndi buku, zolembedwa pamanja zomwe zidali zoyenera kuziphunzira.

Kuti timvetse chimene Johnston adapeza m'menemo, tiyambe taona m'mene zinthu zidalili. Chiyambire pamene Johannes Gutenberg adayamba kusindikiza mabuku cha m'ma 1450, ntchito ya alembi a mabuku idanka ichepa. Pofika nthawi ya Johnston, makalaliki ankalemba ndi zolembera zachitsulo zosongoka ngati singano, ndipo munthu akafuna zilembo zokongola za pa satifiketi kapena pa chikalata chaulemu, ankayamba wajambula mphepete mwa chilembo chilichonse n'kuthira inki mkati mwake, ngati mwana amene akupaka utoto chithunzi. Anthu ambiri ankaganiza kuti alembi akale nawo ankachita chomwecho.

Johnston atayang'anitsitsa masamba akalewo, adazindikira kuti sizidali choncho. Zilembozo sizidajambulidwe, zidalembedwa, ndipo zidalembedwa mwachangu ndithu. Chinsinsi chidali pa nsonga ya cholembera. Alembi akale ankatenga bango kapena nthenga n'kuidula kunsonga kuti ikhale yaphwatalala ngati tchizulo. Cholembera chotere ukachigwira mopendeketsa pa mlingo umodzi osachitembenuza, chimatulutsa chokha mzere wonenepa dzanja likamatsika ndi mzere wowonda likamapita chammbali. Kunenepa ndi kuwonda kwa chilembo sikuchokera pa kukanikiza, kumachokera pa chida. Aliyense angathe kudziyesera izi kunyumba: mangani mapensulo awiri pamodzi ndi mphira, muwagwire mopendeketsa, mulembe chilembo cha o. Mizere iwiriyo italikirana m'mbali n'kukumana pamwamba ndi pansi, ndipo chilembo chituluka chooneka ngati cha m'buku. Johnston mwini ankagwiritsa ntchito njira ya mapensulo awiriyi pophunzitsa. Wolemba zikwangwani amene amakonda burashi yaphwatalala akuidziwa kale mfundoyi m'dzanja mwake, ngakhale sadamvepo za British Museum.

Adadziphunzitsa kusema nthenga, kukonza chikopa ndi kusakaniza inki. Patapita zaka, adasankha buku limodzi kuti likhale maziko a ophunzira ake: buku la Masalimo lotchedwa Ramsey Psalter, lolembedwa ku Mangalande chakumapeto kwa zaka za m'ma 900. Kuchokera m'bukuli adakonza kalembedwe kamene kamadziwika kuti Foundational Hand, kamene mpaka lero ndiko koyamba kuphunzitsidwa kwa ofuna lusoli m'mayiko ambiri. Cholembera chimapendekeka pa madigiri 30, chilembo cha o n'chozungulira bwino ndipo zinzake zonse zimatengera kwa icho, pamene msinkhu wa zilembo umayezedwa ndi kukula kwa nsonga ya cholembera chomwecho, kanayi kapena kasanu. Izi zikuoneka ngati malamulo ouma, koma ndi amene amachititsa kuti mawu pakhoma aoneke ngati ana a bambo mmodzi.

Lonjezo la Lethaby lidakwaniritsidwa mu September 1899. Kalasi yoyamba idali yamadzulo ndipo idayamba ndi anthu osakwana khumi. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu, chifukwa anthu amene adadutsa m'chipinda chimenecho m'zaka zoyambirira ndi amene adafalitsa lusoli. Mudali Noel Rooke, amene pambuyo pake adajambula zithunzi za m'buku la mphunzitsi wakeyo. Mudali T. J. Cobden-Sanderson, mkulu wa zaka pafupifupi 60, katswiri kale pa ntchito yosoka ndi kukuta mabuku, amene sadachite manyazi kukhala pabenchi kumamvera mnyamata wa zaka 27. Mudali Graily Hewitt, loya amene adasiya zamakhothi n'kutsitsimutsa luso lomata golide pa zilembo. Mudalinso Eric Gill, mnyamata wophunzira zojambula mapulani a nyumba, amene adadzakhala wosema zilembo pamiyala wotchuka kwambiri m'dzikomo. Gill adakhalako m'nyumba imodzi ndi Johnston ku Lincoln's Inn. Dzina lake lero lili ndi banga lalikulu, chifukwa buku la mbiri yake lomwe lidatuluka mu 1989 lidaulula nkhanza zogonana zimene ankachitira ana ake omwe. Luso la manja silidayeretsepo mtima wa munthu, ndipo mbiri ya gululi singafotokozedwe moona pobisa zimenezo.

Kuyambira 1901 Johnston ankaphunzitsanso ku Royal College of Art. Kumeneko adakumana ndi Anna Simons, mayi wa ku Germany amene adabwera ku London chifukwa sukulu za zaluso za kwawo sizinkalandira akazi. Simons adabwerera kwawo n'kukaphunzitsa njira za Johnston, ndipo mu 1910 adamasulira buku lake m'Chijeremani. Motero zimene zidayambira m'kalasi yamadzulo zidawoloka nyanja.

Ophunzira ake ankamukumbukira kwambiri ali pabolodi. Ankagwira choko chogonetsa chammbali kuti chizilemba ngati cholembera chaphwatalala, n'kutulutsa zilembo zikuluzikulu pang'onopang'ono, akufotokoza chifukwa chimene mzere uliwonse ukuyambira pamene ukuyambirapo. Ankatha nthawi yaitali pa chilembo chimodzi, ndipo wofuna kumaliza alifabeti msanga akadatopa naye. Zina mwa zimene adalemba pamabolodiwo zidajambulidwa pakamera zisadafufutidwe, ndipo zithunzizo zikusungidwabe. Chimene ankafuna kwa wophunzira n'chakuti zilembo zikhale zowerengeka, zokongola komanso zokhala ndi moyo wakewake, ndipo kuwerengeka ankakuika patsogolo. Kwa iye chilembo chokongola koma chosawerengeka chidali chitalephera ntchito yake.

Mu 1903 adakwatira Greta Greig, mphunzitsi wa ku Scotland, ndipo adabereka ana aakazi atatu. Kuyambira 1905 banjali linkakhala ku Hammersmith, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, kumene amisiri angapo adayandikana nyumba: Emery Walker, katswiri wa zosindikiza, Cobden-Sanderson uja, komanso Gill. Walker ndi Cobden-Sanderson ndiwo adali eni a Doves Press, ndipo pa Baibulo lawo lotchuka, Johnston ndiye adakonza zilembo zofiira zotsegulira buku la Genesis, pamene chilembo choyamba chimatsika kuyambira pamwamba mpaka pansi pa tsamba. Amisiriwa ankachezerana, kuonetsana ntchito ndi kutsutsana. Wosema miyala ankaphunzira kwa wolemba ndi nthenga, wosindikiza ankaphunzira kwa onse awiri.

Buku lake lalikulu, Writing & Illuminating, & Lettering, lidatuluka mu 1906 atalimbana nalo zaka zingapo. Ndi buku la mmisiri lolembera amisiri anzake: kadulidwe ka nthenga, kakhalidwe pa tebulo, kayalidwe ka mizere patsamba, kutalikirana kwa zilembo, mpaka zilembo za pamiyala. Lasindikizidwa mobwerezabwereza kwa zaka zoposa 100. Mu 1912 adasamukira ku Ditchling, mudzi waung'ono wa ku Sussex kumene Gill adali atatsogola kale, ndipo mudziwo udasanduka msasa wina wa amisiri. Gill ndi anzake adakhazikitsa kumeneko gulu la amisiri Achikatolika, koma Johnston sadalowe nawo. Adali munthu wopemphera mwa njira yakeyake, wosakonda kumangidwa ndi malamulo a gulu.

Tsopano tifike pa ntchito imene idamutchukitsa kwa anthu amene sadagwirepo nthenga. Mu 1913, kudzera mwa wosindikiza mabuku Gerard Meynell, Johnston adakumana ndi Frank Pick, mkulu woona zamalonda kukampani ya sitima zoyenda pansi pa nthaka ku London. Makoma a masiteshoni adali atadzaza ndi zotsatsa malonda zamitundumitundu, moti wapaulendo ankavutika kusiyanitsa chikwangwani chomuuza kumene sitima ikupita ndi chikwangwani chotsatsa sopo. Aliyense amene adayesapo kupeza ofesi inayake pakati pa zikwangwani zothithikana za m'matauni athu akulimvetsa vutoli. Pick ankafuna zilembo zakezake za kampaniyo, zosavuta kuwerenga munthu ali pa liwiro, zooneka zamakono koma zozikika pa zakale.

Poyamba Gill adali nawo pa ntchitoyi koma adaisiya, ndipo Johnston adaimaliza yekha mu 1916. Chodabwitsa n'chakuti munthu amene moyo wake wonse ankalalikira za mizere yonenepa ndi yowonda adatulutsa zilembo za mizere yofanana kunenepa, zopanda timichira takumapeto. Koma mafupa ake adali akale. Zilembo zazikulu adazipatsa misinkhu ya zilembo zosemedwa pa zipilala za Aroma. Chilembo cha O chidali chozungulira kotheratu. Chilembo chaching'ono cha l adachipinda kumapazi kuti chisasokonezeke ndi I wamkulu kapena nambala 1. Ndipo kadontho ka pamwamba pa i ndi j sadakazungulitse, adakasiya kali ndi ngodya zinayi ngati dayamondi ya pa makhadi a juga, momwe kamatulukira munthu akagunditsa papepala cholembera chaphwatalala. M'kadontho kameneko ndi m'mene mlembi wa nthenga adasiya chidindo chake. Zaka zingapo zotsatira adakonzanso chizindikiro cha kampaniyo, mkombero wofiira wopingasidwa ndi mzere wabuluu, chimene lero chili pa siteshoni iliyonse ndi pamalo okwerera basi mumzindawo. Mmalawi aliyense amene adapondako ku London adawerengapo zilembo za Johnston, kaya adadziwa kaya sadadziwe.

Zilembozi zidali za kampani ya sitimayo yokha, ena sankaloledwa kuzigula. Apa ndi pamene nkhani ikubwerera kwa olemba zikwangwani. Mu 1926 Gill adalemba ndi burashi dzina la Douglas Cleverdon pamwamba pa sitolo yake ya mabuku mumzinda wa Bristol, potsatira kwambiri zilembo za mphunzitsi wake. Stanley Morison wa kampani ya Monotype adachita nazo chidwi, ndipo mu 1928 padatuluka mtundu wa zilembo wotchedwa Gill Sans, umene udagulitsidwa padziko lonse, n'kufika pa zikuto za mabuku a Penguin, pa sitima za pamtunda, mpaka m'makompyuta ambiri a lero. Chikwangwani cha pasitolo chidabala zilembo zotchuka chotero. Dzina limene lidamveka nazo lidali la wophunzira, osati la mphunzitsi.

Komabe, m'kuona kwanga, ntchito yaikulu ya Johnston sidali ya pasiteshoni. Mu 1921 anthu amene adaphunzira kwa iye, pamodzi ndi amene adaphunzitsidwa ndi ophunzira akewo, adakhazikitsa bungwe la Society of Scribes and Illuminators. Hewitt adali mmodzi wa akuluakulu ake, ndipo mwa achinyamata mudali Alfred Fairbank, amene masana ankagwira ntchito m'boma. Cholinga chidali chosavuta: kukumana, kuonetsana ntchito, kuyesa pamodzi zikopa, inki ndi nthenga, komanso kuonetsetsa kuti wolandiridwa monga katswiri wayamba waonetsa ntchito yake kwa akatswiri anzake. Nthawiyo n'kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, ndipo matchalitchi, masukulu ndi magulu a asilikali ankafuna mabuku a chikumbutso olembedwa pamanja, okhala ndi mayina a anthu awo amene adafera kunkhondo. Ntchito yachisoni imeneyi ndi imene idapatsa alembi ambiri chochita, ndipo idabweranso itatha nkhondo yachiwiri. Johnston adapatsidwa umembala waulemu, koma bungwelo silidadalire iye kuti liyende. Lidakwanitsa zaka 100 mu 2021 ndipo likukumanabe.

Olemba zikwangwani enieni, a penti ndi burashi, adadzatsata njira yofananayo patapita zaka zambiri, kutsidya lina la nyanja. Mu 1975 anyamata ochepa ophunzira ntchitoyi mumzinda wa Denver ku America adayamba kukumana kuti azigawana zimene aliyense watola kwa mabwana ake ndi m'mabuku akale, monga kamatidwe ka golide pagalasi. Adadzitcha Letterheads. Pasadathe zaka khumi, makina odula zilembo zomata adafika pamsika ndipo ntchito ya burashi idayamba kusowa, monga ikuchitira kwathu kuno lero. Misonkhano yawo m'malo mofa idakula, n'kufalikira mpaka ku Britain ndi ku Australia. Alibe tcheyamani kapena ofesi. Mmisiri mmodzi amaitana anzake kumalo ake ogwirira ntchito, aliyense amabwera ndi maburashi ake, ndipo kwa masiku angapo wamkulu ndi wamng'ono amalemba pa bolodi limodzi.

Anthu a kummwera kwa Mzimba safunika kuuzidwa ndi mlendo zimene msonkhano umachitira luso. Misonkhano ikuluikulu imene Fraser adayambitsa ku Ekwendeni mu 1898 n'kuipitiriza ku Loudon inkasonkhanitsa anthu zikwizikwi, ndipo iye ankalimbikitsa Angoni ndi Atumbuka kupeka nyimbo zawozawo za Mulungu pa mayimbidwe a makolo, mpaka kumachita mipikisano. Nyimbo za anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula zidakulira m'nyengo imeneyo, zidalowa m'buku la Sumu za Ukhristu, ndipo zikuimbidwabe. Opeka nyimbo adapeza bwalo lokumanirapo. Mmisiri wa burashi wa pa Jenda ndi mnzake wa pa boma angathe kutha zaka akuwerengerana zikwangwani m'mbali mwa msewu osakhalapo pansi limodzi kufunsana kuti penti wanji amapirira dzuwa pakhoma la simenti.

Pali njira inanso imene maganizo a Johnston adayandikira kwa ife, ndiyo ya m'kalasi ya ana. Marion Richardson, mphunzitsi wa zojambulajambula ku Dudley, adafunsira nzeru kwa iye pokonza makadi ophunzitsira ana kulemba, ndipo mu 1935 adatulutsa mabuku ake a Writing and Writing Patterns, amene amayambitsa mwana ndi mizere yokhotakhota yobwerezabwereza asadafike pa zilembo zenizeni. Njira ya mayiyu idafalikira m'masukulu a mayiko ambiri amene ankalamulidwa ndi Britain, ndipo kwa anansi athu ku Zambia dzina lake likutchulidwabe pophunzitsa ana kalembedwe. Amene akukumbukira phunziro la kulemba mwaluso, mphunzitsi atajambula mizere pabolodi kuti b asapitirire malire ndipo g atsike bwino, akudziwa mtundu wa mwambo umene tikunena.

Moyo wa Johnston mwini sudali wa chuma. Kuchedwa kwake kudali kodziwika kwa onse omupatsa ntchito. Ankatha masiku akukonza zida, kunola mpeni ndi kuganizira za kayalidwe ka tsamba asadalembe chilembo n'chimodzi chomwe, ndipo nthawi zina chidwi chake chinkathawira ku tizipangizo timene ankakonda kupanga pakhomo. Count Harry Kessler wa ku Germany, amene adamupatsa ntchito yokonza zilembo za Cranach Presse, adadikira nthawi yaitali, ngakhale kuti pomaliza buku la Hamlet lomwe lidasindikizidwa ndi zilembozo limawerengedwa m'gulu la mabuku okongola kwambiri a nyengo imeneyo. Ena anganene kuti kudali kufuna ungwiro, ena anganene kuti kudali kuzengereza chabe. Mwina zonse ziwiri n'zoona, ndipo banja lake ndilo lidalawa kuwawa kwake pa nkhani ya ndalama.

Mkazi wake Greta adamwalira mu 1936, ndipo kuchokera pamenepo thanzi la mkuluyu lidanka lilowa pansi. Mu 1939 boma la Britain lidamupatsa ulemu wa CBE. Zaka zake zomaliza adazithera ku Ditchling akulimbana ndi buku lachiwiri, limene ankafuna kuti likonze ndi kuzamitsa zimene adalemba mu 1906. Ankalemba, kufufuta ndi kuyambiranso. Adamwalira pa 26 November 1944 ali ndi zaka 72, bukulo lisadathe, ndipo adaikidwa m'mudzi momwemo. Mwana wake Priscilla, amene adatenga dzina la agogo aja, adalemba mbiri ya bambo ake mu 1959. Mapepala a buku losathalo adawasonkhanitsa ndi Heather Child, mmodzi wa mamembala a bungwe la alembi lija, ndipo lidatuluka mu 1971 ndi mutu wakuti Formal Penmanship, patatha zaka 27 mwini wake ali m'manda.

Zilembo za pasiteshoni zija zidakonzedwanso mu 1979 ndi Eiichi Kono, mmisiri wa ku Japan, kuti zigwirizane ndi makina atsopano osindikizira, ndipo mu 2016, pokumbukira zaka 100, kampani ya Monotype idazikonzanso poganizira zowerengera pa foni ndi pa intaneti, kuphatikizapo zizindikiro za @ ndi #. Mu 2019 pa siteshoni ya Farringdon ku London padaikidwa chikumbutso chake. Ndi khoma la zilembo zake zikuluzikulu zosemedwa pamatabwa, zoyalidwa chotembenuza monga zimakhalira m'makina osindikizira zisadapakidwe inki, kotero kuti wapaulendo wofuna kuziwerenga amayenera kuyambira kumanja.